Ndilipire kosi ya pa intaneti, kapena ndidikire dzina langa lituluke?

FUNSO

Ndine namwino wa odwala matenda a maganizo pachipatala china cha boma kuchigawo chakumwera. Kusukulu tinaphunzira bwino za misala, khunyu ndi mankhwala ake, ndipo odwala amenewo sandivuta. Amene akundisowetsa chonena ndi ena. Mayi wina namondwe wa Freddy anamutengera nyumba ndi ana awiri, mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda pamalata sagona. Bambo wina ntchito inatha bungwe lawo litatseka pulojekiti. Wina katapila wamufika m'khosi. Anthu amenewa sakumva mawu achilendo, sakuona zinthu zomwe palibe. Nkhawa zawo ndi zenizeni, ndipo zina mwa izo inenso ndimagona nazo. Ndikamawauza kuti "limbani mtima, zikhala bwino," mumtima ndimadziwa kuti ndikungolankhula.

Ndikufuna kuwonjezera maphunziro. Koma ma workshop akabwera amapita ndi omwewomwewo, ife timangomva kuti anzathu ali kunyanja. Pa intaneti ndaona makosi a uphungu olipira madola, amati amapereka setifiketi. Kodi ndidzimane ndilipire? Nanga pa zonsezi, choyenera kuphunzira n'chiyani?

Namwino wotopa, kumwera

YANKHO

Mayi Namwino,

Madola anuwo asungeni kaye. Sindikunena kuti makosi onse a pa intaneti ndi achinyengo, ayi, alipo abwino, ndipo ambiri mwa abwinowo ndi aulere. Koma chimene mwadandaula m'kalata yanu sichitha ndi pepala lina lopachika pakhoma. Mukusowa munthu woti aziona mmene mumalankhulira ndi wodwala, n'kumakuuzani pomwe mwakhoza ndi pomwe mwaphonya, osati kamodzi koma mwezi ndi mwezi. Ndibwereranso pamenepa, chifukwa mpomwe pagona nkhani.

Za ma workshop mwanena zoona, ndipo palibe wazaumoyo amene angatsutse. Dzina limatuluka potengera amene ali pafupi ndi ofesi, ndipo ambiri amapitira alawansi. Sindiwaweruza, malipiro ake ndi omwe mukuwadziwawo, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma musaganize kuti amene amapita kunyanjawo amabwerako ndi luso lomwe inu mulibe. Masiku atatu omvera munthu akuwerenga zolemba pakhoma amawonjezera zodziwa, koma lilime la munthu silisintha m'masiku atatu. Lolemba akafika kuchipatala amalankhula ndi wodwala monga ankalankhulira kale.

Komabe zilipo zodziwa zina zomwe muyenera kuzitsata, chifukwa zina zimene tinkaziyesa thandizo zinapezeka kuti sizithandiza. Nditchulepo zomwe zikukhudza anthu amene mwawalembawo.

Kale panali chizolowezi choti ngozi ikachitika, aphungu amasonkhanitsa opulumuka n'kuuza aliyense kuti afotokoze mwatsatanetsatane zimene waona ndi mmene akumvera, kamodzi kokha, poganiza kuti akatulutsa zakukhosi apepukidwa. Kafukufuku anasonyeza kuti njirayi siteteza munthu ku matenda obwera chifukwa cha zoopsa, ndipo ena imawawonjezera ululu. Bungwe la WHO limaletsa. M'malo mwake muli njira ya Psychological First Aid, yomwe buku lake linatuluka mu 2011. Mfundo zake n'zapafupi: yang'anani amene ali pachiopsezo ndi zimene akusowa msanga, mverani amene akufuna kulankhula popanda kumukakamiza, mulumikizeni ndi abale ake, chakudya, pogona ndi uthenga woona. Taganizirani m'misasa ya ku Chilobwe, Phalombe ndi Nsanje mu March 2023, anthu oposa 600,000 atasowa pokhala. Alendo amtima wabwino ankabwera motsatizana, aliyense ndi funso lomwelo lakuti "tatiuzani, zinakhala bwanji usiku umenewo?" Mayi mmodzi kufotokoza imfa ya ana ake kwa anthu asanu osiyana pasabata imodzi, palibe uphungu pamenepo.

Chachiwiri ndi diazepam. Munthu akabwera akunjenjemera, tulo tasowa pambuyo pa ngozi, dzanja limathamangira kumeneko. Malangizo a WHO a 2013 amati mankhwala a gulu limeneli asaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu atakumana ndi zoopsa. Sakusonyeza kuti amachiritsa, ndipo munthu amatha kuwazolowera. Pa kukomoka kwa khunyu ndi pa munthu amene akusiya mowa ntchito yake ikadalipo, koma apa ayi. Chachitatu n'cha odwala anu akale omwe: mu 2023 WHO inanenetsa kuti sodium valproate asalemberedwe atsikana ndi amayi oti angathe kutenga pakati, chifukwa amavulaza mwana m'mimba. Amene ali kale pa mankhwalawa asasiyitsidwe mwadzidzidzi, akambirane ndi dokotala za kusintha. Namwino amene anamaliza sukulu izi zisanalembedwe sangazilote. Zonsezi zili m'mabuku a mhGAP, ndondomeko yomwe WHO inayamba mu 2008 pofuna kuti azaumoyo wamba azitha kuthandiza matenda a maganizo. Mabukuwa ndi aulere, bandulo yapang'ono ikukwanirani kuwatsitsa mufoni. Lilipo lina la mhGAP lolembedwera nthawi za ngozi zogwa mwadzidzidzi, la 2015, ndipo ndi lalifupi. Yambani ndi limenelo.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni, la bambo wa katapila ndi bambo amene ntchito inatha. Mukuti nkhawa zawo ndi zenizeni. Inde. Ndipo n'chifukwa chake "zikhala bwino" akukuwawani m'kamwa: simukudziwa ngati zikhale bwino, iwonso akudziwa kuti simukudziwa. Chiyambire 2020 tadutsa mu Covid-19, kolera amene anapha anthu oposa 1,700, Freddy, ng'amba ya 2024 yomwe inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, kenako dziko la America kuimitsa thandizo mu January 2025, ntchito zambiri za m'mabungwe n'kuthera pomwepo. Munthu amene akuopa mawa m'dziko lotere sakuganiza mopotoka. Mukayamba kumuwongola maganizo ngati kuti vuto lili m'mutu mwake, adzakuthokozani mwaulemu, ulendo wachiwiri osabweranso.

Luso lomwe mukulifuna lili ndi dzina, ndipo limaphunzitsika. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe amayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi anthu ovutika maganizo, maulendo mpaka asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa m'zipatala 24 za ku Harare, yemwe anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pabenchipo pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Njirayi inayesedwanso kuno kwathu, m'zipatala zina za ku Lilongwe pakati pa anthu olandira ma ARV. WHO ili ndi yake yofanana nayo, Problem Management Plus, ya 2016, yomwe inayesedwa ku Peshawar m'dziko la Pakistan ndi ku Nairobi. Ndi maulendo asanu, ola limodzi ndi theka ulendo uliwonse.

Mtima wa njira zonse ziwiri ndi umodzi. Munthu wothedwa nzeru amabwera ndi mavuto onse atamangidwa mtolo umodzi, ndipo mtolowo sunyamulika. Ntchito yanu ndi kukhala naye pansi n'kumasula. Atchule yekha mavuto ake onse. Kenako musiyanitse limodzi: ati amene manja ake angafikepo, ati amene sangafikepo. Mtengo wa chimanga ku ADMARC kapena kumsika sangausinthe. Pulojekiti sangaitsegulenso. Koma za ngongole, kodi akudziwa kuti yonse pamodzi ndi zingati, kapena amangoopa kuwerenga? Kodi mkazi wake akudziwa? Nthawi zambiri yankho ndi ayi, ndipo chinsinsicho n'chimene chikumudya kuposa ndalamazo. Asankhe vuto limodzi laling'ono, atchule njira zonse zomwe zingabwere m'mutu, ngakhale zoseketsa, asankhepo imodzi, anene tsiku lomwe achite. Sabata yamawa mumufunse zinayenda bwanji. Inu simupereka nzeru, mumangogwira nyali. Apa mpomwe anamwino ambiri timagwa, chifukwa yunifolomu inatizoloweretsa kulangiza: imwani awa, musadye izi, mubwere tsiku lakuti. Kukhala chete mpaka munthu apeze yekha yankho n'kovuta kuposa kubaya jakisoni mumtsempha wa mwana.

Pa mavuto amene alibe yankho, pali zochita zina: kupuma pang'onopang'ono thupi likayamba kuthamanga, kubwerera ku tintchito tomwe munthu anasiya atakhumudwa, monga kupita kudimba, kukwaya kapena kubawo, ndi kupeza munthu mmodzi womukhulupirira. Zimaoneka zazing'ono. Koma munthu amene wayambanso kudzuka m'mawa ndi amene angakafune ganyu. Ndipo m'malo mwa "zikhala bwino" mungathe kunena zimene zili zoona: "Za mawa sindikudziwa, bambo. Koma sabata ino tione chimodzi chomwe mungachite, ndipo Lachinayi mundipeza pompano."

Mayi wa Freddy uja nkhani yake ndi ina. Ngati mpaka lero zochitikazo zimamubwerera ngati zikuchitika kumene, akulota zoopsa, akupewa malo ndi zinthu zomukumbutsa, ameneyo akufunika chithandizo chakuya cha anthu ophunzira za zoopsa, ndipo kudziwa nthawi yotumiza munthu kwa anzanu a ku Zomba Mental Hospital kapena kwa katswiri wina ndi luso palokha. Koma mufunsenso ngati matupi a anawo anapezeka. Anthu mazanamazana amene anakokoloka ndi madzi ndi matope sanapezeke. Kwathu kuno maliro ali ndi njira yake: kugona pasiwa, kuika m'manda, kumeta, sadaka kapena kumanga chiliza. Njira imeneyi ndi imene imauza mtima kuti zatha. Popanda manda, mayi amakhala pakati, kulira sakumaliza, kuyembekeza sakusiya. Buku la WHO la mayina a matenda, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo chisoni chosatha ngati matenda, koma limachenjeza kuti muyeze potengera mwambo wa anthuwo. Mwambowo buku lolembedwa ku Geneva silingakuphunzitseni. Akuphunzitsani ndi amfumu, abusa, ashehe ndi amayi a chigwirizano kapena a Mvano, amene akudziwa zomwe banja lingachite thupi likasowa. Kucheza nawo masana amodzi, inu mukufunsa iwo akuyankha, ndi maphunziro ndithu ngakhale palibe setifiketi.

Ndibwerere ku zomwe ndinayamba nazo. Buku la Problem Management Plus mungaliwerenge lonse, koma olilemba eniake amati kuwerenga sikukwanira: wophunzira ayesere pamaso pa mphunzitsi, athandize anthu oyamba akuyang'aniridwa, ndipo apitirize kukumana ndi womuyang'anira pafupipafupi. Amayi a pabenchi ku Harare aja sanangophunzitsidwa n'kutayidwa, anali ndi owayang'anira. Chifukwa chake n'chodziwika, munthu sadziona kunkhongo. Mwina mumadula wodwala mawu asanamalize. Mwina munthu akayamba kulira mumathamangira kumutonthoza kuti asiye. Mwina mukatopa mumayang'ana m'kaundula nthawi yonse. Simungazidziwe mpaka wina akuuzeni.

Simufunika chilolezo cha ku Capital Hill kuti muyambe. Pezani anzanu atatu kapena anayi: namwino mnzanu, kiliniko ofesa, mlangizi wa ku HTS koyezera HIV, wa zachisamaliro cha anthu ngati alipo paboma panu. Mugwirizane ola limodzi, kawiri pamwezi, tsiku losasuntha. Mmodzi abwere ndi nkhani ya wodwala amene wamuvuta, osati amene anamuchiritsa bwino, chifukwa misonkhano yotere imafa ikasanduka yodzitama. Asatchule dzina kapena mudzi. Akafotokoza, musathamangire kupereka maganizo. Muchite sewero: iye akhale wodwalayo, wina akhale namwino, mphindi khumi zokha, enawo aonerere. Poyamba mudzaseka ndi manyazi, n'zachidziwikire. Koma amene wakhala pampando wa wodwala amamva yekha mmene funso lina limabayira. WHO ndi UNICEF ali ndi ndondomeko yaulere yotchedwa EQUIP, momwe muli mndandanda wa zinthu zoti woonerera aziyang'ana, monga mmene phungu akumvetsera, mmene akulonjezera chinsinsi, ndi ngati wachita chinthu chovulaza. Mndandandawo umathandiza kuti kudzudzulana kusakhale kwa "ine ndikuona ngati," komwe kumathetsa ubwenzi. Ngati mungapeze katswiri wa ku Zomba, ku Bwaila kapena ku St John of God woti azilowa pafoni kamodzi pamwezi, mwapata. Chenjezo limodzi: nkhani za odwala zisalowe m'gulu la WhatsApp. Dziko lathu ndi laling'ono, "mphunzitsi wa zaka 40 wa ngongole ya banki mkhonde" wina amuzindikira, ndipo foni imabwerekedwa.

Sewero loyamba likhale la funso limene ambiri timaliopa. Malipoti apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Bambo wanu wa katapila ayenera kufunsidwa mosazungulira: "Anthu ena zikawafika potere amaganiza zodzipha. Kodi maganizo amenewa anakufikiranipo?" Kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu, kafukufuku anatsimikiza zimenezi, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Koma kulitulutsa m'kamwa mwa Chichewa, kwa bambo wamkulu kuposa inu, mawu osanjenjemera, pamafunika kuyesera kambirimbiri. Muyeserenso zotsatira zake akati inde: kodi wakonza njira, kodi kunyumba kuli mankhwala a m'munda ophera tizilombo oti wachibale awachotse, ndani akhale naye usiku uno, abweranso liti. Mafunso asanu ndi anayi oyezera kukhumudwa, otchedwa PHQ-9, alipo m'Chichewa ndipo anayesedwa kuno, lomaliza limafunsa zomwezi. Ndi chida chabwino, bola musaliwerenge ngati mukuwerenga mndandanda wa katundu.

Pali phindu lina lomwe gulu lotere limabweretsa. Kafukufuku amene Felix Kauye ndi anzake anachita m'zipatala zing'onozing'ono za ku Machinga anapeza kuti azaumoyo ataphunzitsidwa za matenda a maganizo, anayamba kupeza anthu ambiri okhumudwa ndi ankhawa, ndipo olembedwa kuti ali ndi malungo anachepa. Ndiye kuti anthu ambiri obwera ndi "mutu, thupi lonse kuphwanya, mtima kuthamanga" ankabwerera ndi mankhwala a malungo pomwe vuto lili kwina. Kiliniko ofesa wa ku OPD akakhala m'gulu lanu, anthu amenewa ayamba kufika pakhomo panu msanga. Ntchito ichuluka, musadzati sindinanene.

Mwasaina kuti "wotopa," ndipo sindikufuna kulumpha mawu amenewo. Mukumva nkhani za njala ndi ngongole tsiku lonse, madzulo mukakumana nazo kwanu. Zizindikiro zoti mwafika pamalire mukuzidziwa: kuipidwa wodwala akangolowa, kusamvanso chisoni, kulota nkhani za anthu ena. Sindikuuzani kuti mupite kutchuthi, ndikudziwa kuti mwina pachipatala ponse namwino wa maganizo ndinu nokha. Koma mphindi khumi zoyamba za msonkhano uja zikhale za inu eni, aliyense anene chomwe chamulemera mwezi uno. Ndipo zikapitirira, inunso muli ndi ufulu wokhala pampando winawo.

Za mapepala tsopano. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna mapointi a CPD, maphunziro opitiriza pantchito, pokonzanso layisensi, ndiye kaonaneni ndi amene amayang'anira CPD pachipatala panu msonkhano woyamba usanachitike, mumve mmene mungalembetsere kuti maola amenewa aziwerengedwa. Muzilemba tsiku, mutu ndi amene analipo. Maphunziro a WHO a QualityRights, okhudza ufulu wa odwala maganizo, ndi aulere pa intaneti ndipo setifiketi amapereka. Ngati mtima uli pa digiri kapena dipuloma, yang'anani ku St John of God College of Health Sciences ku Mzuzu, komwe amaphunzitsa za matenda a maganizo ndi uphungu, ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Imeneyo ndi njira yaitali, yofuna tchuthi cha sukulu ndi fizi, koma pepala lake limadziwika ndi olemba ntchito.

Kosi ya madola ija, musanatumize ndalama alembereni muwafunse kuti ndani adzaone inu mukuthandiza munthu n'kukuuzani zokonza, ndiponso kuti mukamaliza adzakutsatirani kwa miyezi ingati. Funsaninso ku Council ngati pepala lawolo amalivomereza. Akayankha kuti zonse ndi mavidiyo ndi mafunso osankha yankho, ndalamazo gulirani bandulo ndi tiyi wa msonkhano woyamba.